Khadi la Zaka Zisanu ndi Ziwiri

9 Meyi

Okondedwa achimwene,

Ino ndi kalata yachitatu, yankho lanu zii. Kapena kumeneko mapepala anatha? Ine ndili bwino, kupatula bondo ndi mwano mukundichitawu.

Buku la moyo wanga lija ndaliyamba, mwadongosolo lake, ngati munthu woti waphunzitsa mbiri zaka makumi atatu. Ndamanga chingwe m'chipinda chowerengera, kuchokera pazenera mpaka pachitseko, n'kupachikapo makadi ndi zopanira zovala. Chaka chilichonse khadi lake. Akakwana khumi ndimapita nawo kwa mayi wotayipa wa kuseri kwa positi.

Dzulo mayiyu anandiyang'anira pamwamba pa magalasi ake.

"Aphunzitsi, kodi kwanu munabadwa angati?"

"Awiri. Ine ndi achimwene."

"Nanga 'ife atatu' mwadzaza m'makadimu, wachitatuyo ndi galu?"

Ndinamuuza kuti ndinadzera zala zake, osati pakamwa. Koma ndinawerenga, achimwene. Ife atatu pamphasa. Ife atatu kuchitsime. Zolemba n'zanga ndithu. Zikulekezera pa khadi la zaka zisanu ndi ziwiri, pomwe ndinangoti: palibe chachikulu chinachitika. Kuyambira pamenepo tili awiri.

Nditafika kunyumba masana ndinabwezera makadi pachingwe n'kupita kukatereka madzi. Pobwerako ndinapeza mpando utakokeredwa pansi pa chingwecho, monga amachitira munthu wamfupi. Mazenera anali otseka, koma khadi lija linkagwedezeka. Pansi pa mawu anga panali zilembo za pensulo, zikuluzikulu, zopendekeka ngati za mwana wongoyamba kumene sukulu: "Amayi anati undigwire dzanja."

Mukudziwa kuti ndimakhala ndekha. Tangoganizani, ine wolepheretsa ophunzira mayeso chifukwa cholemba zopanda umboni, lero ndikukonzeredwa ntchito ndi munthu wosatha kuwongola chilembo. Mpandowo sindinausunthe. Ndikumaulambalala.

Amayi anapita, bambo anapita, mboni mwatsala ndinu. Musandinyengerere, imvi ndili nazo. Anali ndani, tinkapita kuti, ndipo ndinamusiya pati? Bukuli laima pomwepo mpaka mutandiyankha.

Moni kwa alamu ndi zidzukulu zanu. Wamkulu uja mumuuze kuti akamayenda ndi mng'ono wake asamamutaye dzanja, ngakhale atamva anzake akumuitana.

Ndine mlongo wanu,
amene nonse munkamutcha chitsirizira.