Banzi la Apongozi

Lachinayi, madzulo. Tsiku latha bwino, ngakhale ndinadzuka mtima uli m'mwamba.

Lero ndinapita koyamba ku msonkhano wa anthu ofuna kusiya mowa. Anesi a kukiliniki anandiuza kuti wina umachitika konkuno ku Kalingalinga, koma ndinakana. Kuno ngakhale agalu a pashabini amandidziwa. Ndinasankha wa ku Matero, mabasi awiri, kuti ndikakhale mlendo.

Ndinalowa mochedwa m'kachipinda kuseri kwa tchalitchi. Mpando unatsala umodzi wokha. Nditakhala ndinacheukira kumanja, ndipo ndinaona apongozi anga, bambo ake a mkazi wanga Mwaka! Zaka zonsezi ndimawapatukira panjira, sindinadyepo nawo pamodzi. Kwawo ndi ku Chawama, ndiye kuti nawonso anathawira kutali ngati ine.

Ndinasowa chochita, kugwada kapena kuthawa. Otsogolera anati, "Kuno kulibe ba uje, ni dzina chabe." Apongozi anatchula dzina lawo, nati atha miyezi isanu ndi itatu osalawa. Ine ndinkayesa kuti chinawaletsa ndi matenda a shuga. Itafika nthawi yanga ndinanena: masiku anayi.

Pa tiyi apongozi ananyema banzi lawo n'kundipatsa theka, maso ali kumbali. "Bapongozi, vamene mwaona kuno visale kuno. Mubwele futi, nizakusungilani mpando."

Ndinalandira ndi manja awiri, n'kudya lonse.

Mwaka wandifunsa ngati kumeneko kuli anthu abwino. Ndati abwino kwambiri, zinazo ndameza. Koma Lamulungu apongozi akubwera kudzaona adzukulu awo. Kaya ndidzawapatukiranso, kaya ndidzawakokera mpando...