Kabokosi Kodula Gilibati Pakamwa

Lolemba, 4 Febuluwale

Kabokosi kaja kayambanso misala. Rauta, amatero Gilibati mwamuna wanga, amene anakatumiza kuchokera ku Joni kuti tizionana pa vidiyo mpaka ndidzachire mimbayi. Tsiku lonse kamagwira bwinobwino. Koma iye akangoweruka n'kuimba, tingopatsana moni, basi nkhope yake yauma pafoni, kukamwa yasa ngati mlamba wowamba. Lero ndaseka mpaka mwana wandiponda m'mimba.

Amayi anga, chibwerere kuchokera ku Nathenje kudzandidikirira, amangokhala pamphasa pakona paja ndi mwendo wawo wotupawo, kusankha nyemba. Ndawafunsa ngati aonapo chachilendo. Akuti, "Za azunguzi ine ndizidziwira kuti, mwanawe?"

Lachiwiri, 5 Febuluwale

Ndazimitsa, ndayatsa. Ndachotsa simu, ndaipukuta ndi chitenje, ndaiuzira. Bandulo ilimo. Ndakakweza pamwamba pa kabati, mwayi chingwe chikufikabe ku soketi ya pakona. Madzulo ine pawindo paja, G. waimba: "Elube wanga, taimirira ndione mimbayo..." Kadula pomwepo.

Lachinayi, 7 Febuluwale

Ndaitana Zakeyu wokonza mafoni pamsika wa Mitundu. Wabwera ndi chikwama ngati dokotala wa ng'ombe. Akuti vuto ndi malata. Kenako akuti ndi mitambo. Kenako akuti aneba akuba netiweki, wasintha pasiwedi. Wakhala mpaka wamwa tiyi, kabokosi kali phee, timagetsi take tonse tobiriwira, kudzionetsa ulemu pamaso pa mlendo. Zakeyu atangochoka, G. kuimba, iko kudula.

Amayi a Luka, aneba athu, anayanika chitenje chimodzi masana onse pampanda.

Lachisanu, 8 Febuluwale

Zakeyu wabweranso. Tsopano akuti mwina ndi nyerere.

Loweruka, 9 Febuluwale

Lero sindikuseka. G. watumiza uthenga. Akuti wamva kuti pakhomo pake pakumabwera mwamuna, n'chifukwa chake ndikumamudula. Ine! Ndi mimba yofika pakhosi iyi, mwamuna wake uti? Womuuza ndikumudziwa, ndi amayi a Luka, wailesi ya pampanda ija, imene netiweki yake siidula ngakhale kugwe mvula yamatalala. Akuti mawa kakadulanso auza ankhoswe.

Ndalira. Zandipweteka kuti munthu amene ndimamusungira mtima wonse akundiyesa wotere. Amayi sindinawauze, angadwale nazo.

Lamulungu, 10 Febuluwale

Pochokera kutchalitchi ndinaganiza zoti ndikaone ndekha kabokosiko pomwe kakudula. Nthawi zonse ndimakapatsa msana poyang'ana kuwindo kuti G. azindiona bwino. Ndiye ndinatsamiritsa kagalasi kanga pawindopo.

G. anaimba, nkhope ili ndwii. Sanamalize n'komwe moni. M'kagalasimo ndinaona dzanja likutuluka m'lichero la nyemba, pang'onopang'ono, mpaka pa soketi. Kudina. Timagetsi tonse zii. Kenako kudinanso, dzanja n'kubwerera ku nyemba, mwini wake akung'ung'udza nyimbo ya chigwirizano ngati mngelo.

"Amayi!"

Sanadzidzimuke n'komwe. Akuti, "Nanga nditani? Mkamwini angolowa m'nyumba osaodira, ine ndili pompano, mwendo wothawira ndilibe. Ndiye ayambe zoti mimba, mimba, mpongozi wake ndikumva? Kwathu zimenezo kulibe. Ine ndimangowatsekera chitseko mwaulemu."

Ndinawafunsa kuti chitsekocho anachidziwa bwanji. Akuti anandiona ine ndikuyatsa tsiku loyamba, maso sanatupe, watupa ndi mwendo. Sabata yonse ine kuuzira simu, Zakeyu kusaka nyerere, eni ake ali pamphasa! Ndinaseka mpaka msana kuwawa. Kenako ndinawauza za ankhoswe, kuseka konse kunatha. Amayi anaika lichero pansi.

"Ukwati uthe chifukwa cha ulemu? Ayi. Tandipatsa chitenje icho. Akaimba usandibise."

Timagetsi titangobiriwira foni inalira. Amayi anali atatembenukira kukhoma, chitenje chitawaphimba kuyambira kumutu. G. ali moto: "Wadulanso! Ali pomwepo eti? Zunguliza foniyo ndimuone!"

Iyetu amaganiza kuti amayi nthawi imeneyi amakhala kukhitchini. Ndinazunguliza ndithu, mosafulumira, mtima ukukoma. Kabati. Mpando. Chitseko. Kenako chimulu cha chitenje pakona.

Chitenje chinayankhula. "Wawa bambo. Wodula uja ndine. Mwaswera bwanji kumeneko?"

Sindinaonepo chipewa chikuvulidwa msanga chotero. Munthu wamkulu uja anagwada pakati pa Joni, maso pansi. Foni inayamba kuonetsa denga, kenako nsapato, mawu okha akumveka: "Ndaswera, mayi... zikomo, mayi... pepani kwambiri, mayi..."

Basi zii. Yadula.

Ndinatembenukira ku kabokosi. Timagetsi tonse tili bwinobwino, tobiriwira. Amayi anatulutsa manja onse awiri kunsi kwa chitenje kuti ndiwaone.

"Si ine ameneyo," anatero. "Wathawa yekha. Koma mwanayu analeredwa."