Anesi Wandionetsa Phiri la Namuli

Khonjeni,
Thyolo.

Wokondedwa mwana wanga Mathew,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako, wa mpongozi wanga, ndi wa kakhanda kaja. Kodi kakuyamwa bwino? Ife kuno tadzuka, mawondo okha ndiwo amakana kukazizira. Mvula yayamba, tiyi waphukira, ku esiteti akulembanso anthu othyola.

Amene wagwira cholembera ndi Anesi, mwana wa malemu mlongo wako. Ndamuuza kuti alembe mawu anga okha, ake asunge.

Uthenga wako unafika, woti Khirisimasi ikatha Anesi abwere ku Lilongwe adzalere mwana, za sukulu mudzaziona m'tsogolo. Iwe ndiwe mwini mbumba, sindingakutsutse. Koma khala pansi, umve kaye zimene ndaona ndi maso angawa.

Sitolo yakale ija ya pafupi ndi tchalitchi anaisandutsa laibulale, nyumba ya mabuku. Amaiyang'anira ndi a Madamu Lestina, mayi wa ku Rumphi, wamfupi, wosachedwa kuseka. Ana akaweruka amapita kumeneko. Anesi anayamba kumafika pakhomo dzuwa litapendeka, mbuzi zisanamwe, ndiye tsiku lina ndinamutsatira ndodo ili m'manja.

Ndinapeza ana ali phee, aliyense ndi buku lake. A Madamu anandipatsa mpando, nati agogo mwafika bwino, lero tikusowa munthu wamkulu wotifunsa funso lovuta. Ndinawauza kuti ine ndabwerera mbuzi, osati mafunso. Ana anaseka, iwonso anaseka, nati funsani kamodzi kokha, mbuzi zidikira.

Ndiye ndinati ndiwagwetse. Ndinafunsa kuti Namuli ali kuti.

Ukudziwa kuti amayi anga ankalitchula phiri limeneli akamapepeta, m'Chilomwe, nkumaloza kotulukira dzuwa. Ankati anthu athu anachokera kumeneko. Ine chibadwire ndinkayesa kuti ndi malo a mizimu, oti wamoyo sangapondeko, ngati Yerusalemu wa m'nyimbo.

A Madamu anati iwo sadziwa, ndipo ngakhale akanadziwa sakananena, chifukwa muno woyankha ndi buku. Anaitana Anesi.

Mwanayo anatenga chibuku chachikulu cha mapu, nkuchitsegula chakumbuyo. Ndinamudzudzula kuti kodi nyumba ya eni amalowera kuseri? A Madamu anati m'buku lotere khomo lili kumbuyoko, nkomwe mayina onse anandanda, lililonse pamzere wake ngati othyola tiyi pamaso pa kapitawo.

Anatsitsa chala pang'onopang'ono, milomo ikugwedera. Anadutsapo osaliona. A Madamu sanamuthandize, anangoti bwerera, usathamange. Kachiwiri chala chinaima.

Kenaka anatsegula pakati. Chala chimodzi chinachokera pamwamba, china chinachokera m'mbali, ndipo pamene zinakumana anati agogo, ndi apa. Anandionetsanso Thyolo. Mathew, pakati pa Thyolo ndi Namuli sipanakwane ngakhale chikhatho changa.

Ndinati ndadziwa, tiyeni kwathu. A Madamu anakana, nati mboni imodzi sithetsa mlandu, afunsenso buku lina. Anesi anayenda m'mashelefu akuwerenga misana ya mabuku, nabwera ndi lina la zithunzi.

Phirilo ndinaliona. Mwala waukulu wotuwa, mutu uli m'mitambo. Ndipo m'munsi mwake, mwana wanga, munali tiyi! Mizere yobiriwira ngati ya kuno, ndi amayi atabereka madengu kumsana. Mmodzi anamanga duku monga ankamangira amayi anga. Ine ndathyola tiyi mpaka zala kupindika, osadziwa kuti kumene tinachokera abale athu aweramira ntchito yomweyo.

Ndinasendera pafupi ndi bukulo. Ndinapempha kuti ndigwire pepalalo, ndipo anandilola. Ana aja sanasekenso. Kamtsikana kena kanafunsa kuti amayi anga ankaimba bwanji, ndipo ndinaimba, ine amene ndinabwera ndi ndodo.

Chiyambire tsiku limenelo ndimapita Lachisanu lililonse. A Goodson oyandikana nafe amandinena kuti kodi agogo mukufuna kulemba mayeso a Fomu 4? Ndimawayankha kuti bola ine ndikukalamba pakati pa mabuku, iwo akukalambira pa bawo.

Tsopano a Madamu amupatsa Anesi ana a Sitandade 5 kuti aziwaphunzitsa kafufuzidwe kameneka. Apa Anesi akuti ndisanene, akuchita manyazi, koma ndamuuza kuti alembe. Ndamuona atagwada pakati pawo, akuwauza kuti bwererani, musathamange. Mawu ake ndi a malemu amayi ake, Ester, enieni.

Pempho langa ndi ili. Mwana ameneyu usamuchotse. Amalize sukulu yake kuno, pafupi ndi nyumba ya mabuku ija. Ndikudziwa kuti mpongozi wanga akubwerera ku ntchito ndipo khanda likufuna msana. Msana ulipo, ndi wangawu. Unabereka iwe, unabereka dengu la esiteti, sungalephere kamwana kamodzi. Sindinakwerepo basi kupitirira Limbe, koma ukavomera ndibwera ndine. Anesi azigona kwa azakhali ake a Suwi, ndakambirana nawo kale.

Ukandiyankhe Khirisimasi isanafike, kuti ndidziwe amene akumanga katundu.

Upereke moni kwa mpongozi wanga ndi kwa abale ake onse. Kakhandako ukauze kuti agogo ake akukafuna. Mulungu akusungeni, akupatseni tulo tabwino ndi mtima wofatsa poweruza nkhaniyi.

Ndine mayi ako,
Zelipa