Nambala ya Alamu

Achemwali, 10:14
ndiye meeting yanu ija ku kampani yanu ya mafoniko yatha bwanji? manambala a pa intaneti aja akhala ndi code yawoyawo?

Mzime, 10:20
kkkk sinathe. ife tikuti inde, munthu azidziwa kuti foni ikuchokera pa intaneti. abwana akuti code yachilendo anthu sayankha, amayesa ndi akuba. inu mwayamba liti kutsata za ntchito yanga?

Achemwali, 10:21
ndi za alamu ako. chipitire kunja kuja amaimba pa nambala yooneka ngati ya konkuno. akuti ndi ya pa intaneti, yotchipa

Achemwali, 10:21
dzulo mayi wosoka uja akuti anawaona mu town atanyamula kamwana

Mzime, 10:29
amene uja diso lake limaphonya ndi ulusi womwe

Achemwali, 10:30
tandionera mu system yanu

Mzime, 10:31
achemwali angandichotse ntchito

Mzime, 10:44
koma uthenga waulere uja wa "chonde ndiimbireni" umangopita pa sim ya konkuno. ya pa intaneti imakana. musayese muli nokha plz, dikirani ndiweruke

Achemwali, 10:46
wapita

Mzime, 10:47
mwina sim anapita nayo, osafulumira

Mzime, 11:05
achemwali?

(Mzime waimba, sanayankhe)

Achemwali, 13:32
(uthenga wa mawu, 0:26) Aimba. Akuti kukuzizira kwambiri kumeneko, zala zikuuma. Kumbuyo kwawo ndimamva galimoto ya zokuzira mawu ija, yolengeza sale ya matiresi. M'chinenero chathu chomwechi. Ndangoti valani juzi ija ndinakulukirani.

Achemwali, 13:40
galimoto ija yadutsa pano pompano. nyimbo yake yomweyo

Mzime, 13:41
pepani achemwali. ndikupempha half day

Achemwali, 13:49
usabwere. bwerera ku meeting ukawauze abwana akowo aike code. bodza lizikhalako lovuta pang'ono

Mzime, 13:50
ndanyamuka kale. mwadya?

Achemwali, 14:15
mwana wabwera ku sukulu. wajambula ndege, adadi ake ali pa windo akubayibitsa. akuti tiitumize pa nambala ija

Achemwali, 14:16
ali pano wagwira pepala, akudikira ndijambule

Mzime, 14:16
(akulemba…)

Achemwali, 14:23
ndatumiza