Keke Yakuda ya Ukwati wa Kadian

Lachisanu, 9 Epulo

Ndafika ku Newell cha m'ma 4, msana ukuwawa ndi basi ya ku Kingston. Diresi la ukwati ndalifungatira pamiyendo njira yonse. Silinakwinyike.

Kadian wandichingamira pamsewu. Mwana wanga, mkwatibwi Loweruka la sabata ya mawa. Wanenepako m'chiuno, ndimasula msoko.

Linval, bambo ake a Kadian, wandipatsa moni ngati ndine wa boma wodzawerenga anthu. Zaka 19 chisiyanirane. Mkazi wake, Miss Icy, ndi amene andilandira chikwama n'kundionetsa pogona. Ndiwo alera Kadian kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ine ndili pa makina osokera kutauni. Aka n'koyamba kugona m'nyumba mwawo.

Pakudya ndati keke ndikhoza kuitanitsa ku shopu yabwino ya ku Half Way Tree. Kadian waseka. "Amayi, zipatso za keke yanga zinalowa m'mowa wa ramu Oneil asanamalize n'kufunsira komwe." Ndangoti chabwino.

Loweruka, 10 Epulo

Mitsuko itatu yagalasi, pansi pa bedi la Miss Icy. Mphesa zouma, mapulamu ouma, matcheri, makoko a malalanje. Chaka ndi miyezi iwiri zili m'ramu woyera ndi vinyo wofiira. Akuti mwezi uliwonse amatsegula, kuvundula, n'kuwonjezera ramu zikamwa. Atachotsa chivundikiro galu wayetsemula n'kutuluka panja.

Tazipera pa makina opera nyama, ine kupukusa, iwo kuponyamo. Apa m'pamene ndaona zala zawo. Zapindika ndi nyamakazi.

Kenako shuga wodetsera keke. Kamphika kachitsulo kakale, shuga wouma, osathira madzi. Wasungunuka, wafiira, wada, utsi wayamba.

"Wapsatu," ndatero.

"Sanati."

Sayang'ana n'komwe mumphika, amangonunkhiza. Mwadzidzidzi athira madzi otentha, mphika n'kulira ngati wakwiya.

"Mukachedwa pang'ono, anthu onse pa ukwati alavula," atero. "Mukafulumira, keke ituluka yotuwa ngati yodwala."

Ndinabwera nditakonzeka kuwapeza chifukwa. Lero sindinachipeze.

Lamulungu, 11 Epulo

Kutchalitchi aliyense: "Miss Icy, keke ili pati?" Kwa ine: "Mubwerera liti?"

Lolemba, 12 Epulo

Tsiku lophika. Ndilembe zonse, zabwino ndi zinazo.

Makeke ndi atatu, yaikulu ya pansi ndi ziwiri zazing'ono. Muyeso wawo ndi wosavuta: batala paundi, shuga paundi, fulawa paundi, mazira khumi. Andipatsa beseni ndi mthiko kuti ndisakanize batala ndi shuga mpaka ziyere. Patatha theka la ola ndati zatheka. Atenga pang'ono, atikita pakati pa zala. "Mchenga ukumvekabe, Miss Vinnette." Ndapitiriza, thukuta lili kamukamu.

Mazira amaswa limodzilimodzi m'kapu, kuchotsa kaulusi koyera kaja, n'kumenya ndi khoko la ndimu kuti fungo la dzira lisamveke. Fulawa asefa katatu pamodzi ndi sinamoni ndi natimegi. Ndiye zipatso, ndiye shuga wakuda uja, sipuni imodziimodzi mpaka mtundu uwakhalire. Sikelo anaigwiritsa poyamba pokha, zina zonse ndi maso. Pomaliza abaya mthiko pakati pa beseni n'kuusiya. Waima wokha, osagwa. "Eya."

Zitini zoyalamo pepala lopaka batala. Mbale ya madzi pansi mu uvuni. Moto wochepa zedi. Ziwiri zazing'ono zatuluka masana, zakuda bii, pamwamba posalala. Azibaya ndi kamtengo, azithira ramu zikadali zotentha. Zamwa zonse, osatsala dontho.

Yaikulu yalowa yokha cha m'ma 2. Iwo anapita ndi L. kwa abusa kukakonza za mwambo. Anati ifunika maola anayi. Patatha ola ndi theka ndasuzumira pagalasi, palibe chikuchitika, kamoto kali ngati kakuzima. Ndati ndithandizeko. Ndakweza gasi. Ndinafuna akabwera aipeze itapsa, anene kuti mayi ake a mwana naye wachitapo kanthu.

Yapsadi. M'mbali makala, pamwamba yang'ambika, pakati phala.

Tsoka lake afika pamodzi ndi Pearline, mchemwali wake wa L., alamu anga akale, pakamwa pake sipanasinthe. Wanunkhiza ali pakhomo. "Kodi tikuotcha makala kapena tikukwatitsa mwana? Anatsala ndi uvuni ndani?"

Miss Icy ayang'ana keke, ayang'ana chokwezera gasi. "Uvuni wakewu ndi wakale, Pearline. Umadzikweza wokha. Ndakhala ndikumuuza mlongo wakoyu."

L. wati akonza. Kadian walowa, waona, watuluka. M'mitsuko mwatsala zipatso zosakwana kapu ziwiri.

Lachiwiri, 13 Epulo

Miss Icy ndawapeza m'mawa akupatsa nkhuku chimanga. Ndati, "Ndinakweza moto ndine."

"Ndikudziwa. Chokwezera gasi ndinachisiya pa 2, ndinachipeza pa 5."

"Nanga bwanji munanamizira uvuni?"

"Pearline akanainena mpaka pa ukwati wa zidzukulu zanu. Ndiye Kadian azikumbukira chiyani pa sabata yakeyi? Tengani dengu, basi ya ku Black River ipita 7 koloko."

Tagula zipatso zina, batala, mazira. Pobwera ndafunsa kuti chaka chathunthu chonyika tichipeza kuti pofika Loweruka. Ati sitichipeza, tingochinyengerera.

Mmene achitira: zipatso zatsopano mumphika, vinyo mpaka zimire, kamoto kakang'ono, osalola kuwira. Zafufuma. Aphula, athira ramu zikadali zofunda, avundikira ndi mbale. Zitazizira asakaniza ndi zotsala zakale zija, ndi madzi akuda a pansi pa mitsuko yonse itatu, mpaka kutsukuluza ndi ramu. "Zakalezi ziphunzitse zatsopano."

Andilawitsa zonse ziwiri. Kunena zoona ine sindinasiyanitse. Iwo asinya nkhope. "Odziwa adziwa. Koma odziwawo ndi anayi okha, ndipo awiri alibe mano."

Ndaseka mpaka kutsamira tebulo. Nawonso aseka. Sindinawamvepo akuseka.

Keke yopserera sanataye. Asenga makala onse, pakati paja aika m'mbale n'kuphika ndi nthunzi. L. wadya kawiri.

Lachitatu, 14 Epulo

Batala ndi shuga, ola lathunthu. Atikita pakati pa zala, angondipatsira mazira.

Italowa mu uvuni ndati ndipite kukasoka m'chipinda, ndisakhale pafupi. Ati ayi, bweretsani kuno, wina aziyang'anira madzi a m'mbale. Iwo n'kupita kukagona, ati manja akuwawa. Andisiyanso ndekha ndi uvuni womwewo.

Maola anayi ndi mphindi khumi. Sindinakhudze kalikonse kupatula kuthira madzi kawiri. Abwera, abaya mpeni pakati, watuluka woyera. Andipatsa botolo. "Thirani ndinu. Mozungulira, muyambire m'mbali."

Kadian anali pakhomo. Wati, "Ikununkhira ngati Khirisimasi." Wandikumbatira chakumbuyo, botolo likadali m'manja.

Lachinayi, 15 Epulo

Makeke amwanso ramu m'mawa, akulungidwa. Masana kupaka shuga woyera pamwamba. Manja omwe sangathe kutsegula botolo la mankhwala ajambula timaluwa 36, tofanana tonse. Ndinawagwirira chigongono basi.

Akugwira ntchito andiuza kuti anaphunzira kwa mayi wina wa ku Malvern yemwe ankamugwirira ntchito ali mtsikana. Makeke a ukwati apanga opitirira zana. Ukwati wawo womwe unalibe keke, L. anati nthawi yoipa. Mwana wobereka okha sanakhale naye. Anena zimenezi maso ali pa kaluwa.

Ndati, "Mwamulera bwino."

Ati, "Ankakulirani chaka chonse choyamba. Ndinkamuuza kuti mukumusokera diresi."

Ndapita kuseri kwa thanki ya madzi kwa kanthawi.

Lachisanu, 16 Epulo

Chisakasa cha masamba a kokonati chatha, pabwalo la kwa Oneil. Masana amayi a mpingo afika atavala zoyera kudzanyamula makeke pamutu, monga mwa mwambo. Keke iliyonse pathireyi yake, yofundidwa nsalu yoyera ya maluwa kuti mkwatibwi asaione mpaka mawa.

Ine ndinavala diresi langa la buluu, ndaima pambali. P. wayamba kugawa. Yaing'ono mkazi wa abusa, yapakati iyeyo, yaikulu Miss Icy. Wandiyang'ana. "Paja amanyamula ndi a pabanja okhaokha, alamu. Si ine ndinakhazikitsa."

Ndati palibe vuto, ndipo ndimanenadi zoona.

Miss Icy alowa m'nyumba, atuluka ndi diresi loyera pamkono. "Khosi langa silingasenze mapaundi khumi mpaka kumtunda kuja. Miss Vinnette anakwatiwapo, ndipo umboni wake ndi amene akukwatiwa mawayu. Kavaleni."

P. wati anthu anena. Iwo ati, "Anene akudya."

Ndasenza. Yolemera kuposa mmene ndimaganizira, fungo la ramu likutsikira kumaso. Mtunda wonse sindinathe kucheuka. Ndimangomva mawu kumbuyo kwanga, pang'onopang'ono, pali mwala apo, pindirani kumanja, ndi dzanja lopindika lija lili pamsana panga. Anthu anaima m'mipanda kuonerera. Tafika, tatula. Palibe kaluwa kathothoka.

Tsopano ndi 5 koloko. Diresi la Kadian lapachikidwa, ndalisita. Ndimati ndipumeko, koma Miss Icy angogogoda kumene, diresi lawo la mawa lili m'manja.

"Vin, taona ili. Likundithina m'khwapa, ndipo zala zangazi singano sizigwira. Ungathe?"

Vin. Ungathe.

Ndawauza kuti avale, ndikubwera ndi mapini.