Satifiketi Pamwamba pa Chithunzi

Ndirande, Blantyre
14 Okutobala 1981

Okondedwa achimwene a Gregorio,

Kaya muli bwanji ku Nchaloko pamodzi ndi alamu ndi ana? Chifuwa cha amayi chija chinalekako? Ine m'thupi ndili bwino. Kalatayi ndapatsira Malizani wa lole, siyodutsa ku positi.

Munkanditcha waphuma nditakana ntchito ya ukalaliki ija. Shopu ndinatsegula ndithu. Ndimagula mawailesi akufa, kuwakonza, n'kugulitsanso. A Wahabu, akalipentala a kufupi ndi msika, anandipatsa chipinda cha kumaso kwa nyumba yawo, mashelefu anakhomanso okha. Mwezi woyamba anthu ankachita kudikirana pakhomo.

Tsiku lotsegula a Wahabu anapachika chithunzi cha Mtsogoleri monga mwa lamulo. Atatuluka ndinaona msomali wakale pamwamba pake, n'kukolekapo satifiketi yanga ya ku koleji. Ndinkafuna wolowa aliyense aone kuti wailesi yake ili m'manja mwa munthu wophunzira. Zoti pamwamba pa chithunzicho sipakhala kanthu ndinkadziwa. Ndinati ndisuntha mawa. Mawalo linakwana masabata asanu.

Lachiwiri la sabata yatha, ine ndili ku Limbe kogula waya, kunafika atcheyamani a nthambi ya chipani ndi anyamata awo. Anafunsa yemwe anaika pepala pamwamba pa chithunzi. A Wahabu anayankha kuti nyumba ndi yawo, nyundo ndi yawo, anakoleka ndi iwo pofuna kundisangalatsa, akuti ineyo sindikudziwapo kanthu. Anawatenga utuchi uli m'mutu. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chitatu, komwe ali sitikudziwa.

Akazi awo, a Mwanamisi, amandibweretserabe tiyi m'mawa uliwonse. Dzulo anandiuza kuti ndisawakwiyire amuna awo pondiwonongera bizinesi, akuti sanaone bwino poti maso awo anayamba kufooka. Ndinamwa tiyiyo, achimwene. Ndinamwa yense.

Lolemba ndikupita ku polisi kukanena zoona. Kaya akawamasula, kaya akatisunga tonse awiri, sindikudziwa. Musandilembere zondiletsa, yankho lanu lidzandipeza nditapita kale.

Chomwe ndikupempha n'chakuti mubwere. Mawailesi a anthu ndamatapo mayina, muwabwezere eni ake. Mashelefu musiyire a Mwanamisi. Amayi muwauze kuti ndapeza ntchito ku Karonga, ndipo kumeneko makalata amachedwa kwambiri.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Feston