Makina Opetera Akana Pulagini

Lolemba, 9 Juni

Kompyuta yatsopano yafika ku shopu. Yakuda, yopyapyala, yosalira. Yakale ija inkabangula ngati chigayo, koma ntchito inkagwira. Kabwana, mwana wa eni shopu amene wakhala pampando wa bambo ake, waijambula ndi foni mbali zonse ngati khanda.

Ntchito yanga lero inali kusamutsiramo pulogalamu yathu yojambulira mabaji, imene tinalemba ine ndi malemu Chindevu tsitsi lathu lidakali lakuda. Munthu amajambula baji pa sikirini, kudina, makina opetera n'kuyamba kusoka. Pakati pa sikirini ndi makinawo pali pulagini, kafayilo kapadera kamene pulogalamu imakatola ikamatseguka. Ndi iko kamene kamadziwa kulankhula ndi singano. Popanda iko, makina aja ndi chitsulo chongodzaza malo.

Ndamanganso pulogalamu kuti igwirizane ndi kompyuta yatsopano. Pulagini yanga nayo ndaimanganso. Kudina. Windo latseguka, mitundu ya ulusi yonse ili m'malo mwake, kenaka zii. Latsekeka lokha, osatsanzika. Kubwereza, chimodzimodzi.

Kabwana ali kumbuyo kwanga: "Madala, zinthu zanuzi zikuopa zatsopano." Ndaseka nawo. Bwana akanena nthabwala umaseka, ngakhale nthabwalayo ndi iweyo.

Lachiwiri, 10 Juni

Pa laputopu yanga zonse zikuyenda. Pa kompyuta ya ku shopu, imfa yokhayokha. Mawu amene ndakhala ndikunyoza anthu nawo moyo wanga wonse, akuti "kwa ine ikugwira", lero atuluka pakamwa panga. Owawa.

Kabwana wanena poyera. A kampani ya alonda abwera Lachisanu la sabata ya mawa kudzaona baji yawo yoyamba, ya chiwombankhanga. Ikadzapezeka palibe, abwereka pulogalamu ya pa intaneti, yathuyi ipita kudzala. Za ine sananene. Ndi waulemu mwanayu. Anangoyang'ana pakona pamene pali tebulo langa ngati munthu woyeza malo oika firiji.

Mayi amene amayendetsa makina, amene tonse timawatchula a Ulusi, akhala tsiku lonse akupukuta makina osayenda. Andibweretsera tiyi. "Muikonza inu, achimwene. Si kale lonse mumakonza?"

Lachitatu, 11 Juni

Pulagini sikhala yokha. Ili ndi abale ake, mafayilo ena amene imawaitana ikamadzuka. Mmodzi akasowa, siidzuka. Ndawaitana mayina onse. Onse alipo, ndipo onse ndi a msinkhu woyenera kompyuta yatsopanoyi.

Masana pulogalamu yandichitira chifundo, yasiya uthenga isanafe. Akuti chinachake chofunika sichinapezeke. Chiti? Sikunena. Ngati dokotala wokuuza kuti m'thupi mwanu muli vuto, pitani bwino.

Kabwana anaitana munthu amene anamugulitsa kompyutayi. Wabwera atanunkhira mafuta, magalasi akuda ali pamphumi. Wazimitsa, wayatsa. Wazimitsanso, wayatsanso, ulendo uno atagwira chibwano. Kenaka walengeza kuti kompyuta ilibe vuto, ndipo iye anasamutsa mafayilo onse a m'kompyuta yakale, sanasiyeko ngakhale kamodzi. Kabwana wamuperekeza mpaka pagalimoto. Ine amandiperekeza ndi maso.

Madzulo ndachotseratu pulagini yanga m'foda ya mapulagini. Pulogalamu imayenera kutseguka bwinobwino, kungoti osaona makina. Yafabe. Nanga ikufa ndi chiyani? M'fodamo mulibe kanthu.

Lachinayi, 12 Juni

Mayi a ana andifunsa kuti m'bafa ndimakangana ndi ndani. Ndati ndi Chindevu. Ati ndimupatse moni, ndipo ndimuuze kuti madzi otentha akutha.

Ndamusowa munthu uja. Ankalemba khodi, malamulo oyendetsa pulogalamu, ngati womanga khola la nkhumba. Thabwa apa, waya apo, msomali wopindika, bola nkhumba isatuluke. Mayina a zinthu ankangotola: kanthu, kanthu_kena, ichi. Kiyibodi yake yodzaza nyenyeswa za mabisiketi. Ine ndinkalemba ngati nkhani ya m'magazini, ndime ndi ndime, ndi ndemanga zofotokoza bwino. Ankandinena kuti ndikulembera kompyuta kalata yachikondi. Ndinkamunena kuti akuilembera matukwano.

Tinkagwira ntchito m'kachipinda kakumbuyo, kopanda windo, kotentha. Bambo ake a Kabwana ankatipatsa fani imodzi, ife n'kumaitembenuzirana. Sindikumbukira kuti tinasangalalapo tsiku lililonse. Koma ndikakumbuka, ndimaona ngati tinkasangalala.

Atamwalira, pulagini ya makina inatsala m'manja mwanga. Ndinailemba mwatsopano, ndinasesa zinyalala zake zonse. Chaka ndi chaka ndakhala ndikuiwongola. Ndikaika yatsopano, a Ulusi amasoka baji imodzi, kuiyang'ana pa kuwala, n'kunena kuti zasintha ndithu, singano ikuyenda mofewa. Pa zonse zimene ndachita m'moyo, kuphatikizapo nkhani zanga zimene zimawerengedwa ndi ine ndi mkonzi, pulagini imeneyi ndi imene ndimanyadira.

Lachisanu, 13 Juni

Ndachita chimene ndikanayamba nacho Lolemba. Ndalamula pulogalamu kuti izilemba fayilo iliyonse imene yatsegula, ndi kumene yaitenga. Kudina. Yafa. Ndawerenga zimene yasiya.

Mzere womaliza si wa m'foda ya mapulagini. Ndi wa m'foda yobisika, m'kati mwa akaunti ya a Ulusi. M'menemo muli kafayilo kamodzi, dzina lake osakhudza. Deti lake ndi la miyezi imene Chindevu anali asanayambe kudwala.

Ndiye ndakumbukira. Gawo lofufuza mapulagini analemba ndi iye. Pulogalamu imayamba yasuzumira m'foda ya wogwiritsa ntchito, kenaka m'foda yake. Pulagini yoyamba kunena kuti makina ndi anga imapatsidwa mpando. Yachiwiri imabwezedwa mwakachetechete, popanda uthenga. Ndinadandaulapo kalelo. Iye anati mauthenga ambiri amaopseza anthu.

Wamagalasi uja sananame, anasamutsadi zonse. Kafayilo kakale kadzuka m'pulogalamu yomangidwa mwatsopano, kagogoda pazitseko zimene zinasuntha, n'kugwetsa nyumba yonse. Laputopu yanga ilibe kafayiloka, n'chifukwa chake kwa ine inkagwira.

Ndinavina pang'ono pakona. Kabwana anali atapita kale.

Funso linandipeza m'basi. Ngati kafayilo kaja kakhala pamenepo kuyambira Chindevu ali moyo, ndipo kamapatsidwa mpando koyamba, ndiye makina akhala akumvera ndani zaka zonsezi?

Ndapitirira siteji yanga.

Loweruka, 14 Juni

Sindinatuluke. Mayi a ana akuti nkhope yanga ikuoneka ngati ya munthu amene wauzidwa kuti ana si ake. Ndati pafupifupi.

Lolemba, 16 Juni

Ndawafunsa a Ulusi Kabwana asanafike. Sanabise. Akuti Chindevu anaikadi kanthu tsiku lina, nawauza kuti asakhudze. Ndiye sanakhudze. Sankadziwa kuti n'chiyani.

Ndafunsa za kusintha kuja, za singano yoyenda mofewa. Ayang'ana m'kabati ya ulusi nthawi yaitali.

"Nanga ndikanati chiyani, achimwene? Munkabwera mutasangalala."

Akuti makina ankasoka bwino dzulo lake, n'kusokanso bwino mawa lake. Bodza lili pati? Mayi ameneyu akanakhala loya.

Ndachotsa kafayilo ka Chindevu. Sindinakafufute, ndangokasunthira pambali. Dzanja linalemera ngati ndikuchotsa chithunzi chake pakhoma. Ndabwezera pulagini yanga m'foda. Kudina. Windo latseguka, ndipo lakhala. Pansi pa sikirini palembedwa kuti makina apezeka. Pulagini yanga, tsiku lake loyamba pantchito, itakalamba kale.

A Ulusi amanga kansalu koyesera. Singano yayamba mwaliwiro, mokongola, ngati wophunzira wanzeru. Pakona yoyamba ya phiko ulusi waduka. Alumikiza. Pakona ina waunjikana mfundo. Pamlomo wa mbalame singano yathyoka.

Chimene chatuluka pansalu ndi nkhuku yonyowa, ya khosi lopindika, diso lili paphewa.

Kabwana walowa nthawi yomweyo. Wanyamula kansalu, wakatembenuza. "Madala, alonda ajatu salondera khola." Wandikumbutsa za Lachisanu, ngati ndingaiwale.

A Ulusi lero sananene kuti zasintha.

Lachiwiri, 17 Juni

Tsiku lonse pa khodi yanga. Yokongola. Ndime zoyera, ndemanga zaulemu. Pa sikirini chiwombankhanga chimatuluka chonyada, chifukwa sikirini ilibe ulusi woduka. Zaka zonsezi ndimayesera pamenepo, n'kumasiya zotsalazo kwa a Ulusi ndi ulemu wawo.

Ndikakonza phiko, mchira ukuwonongeka. Singano ina yathyoka. A Ulusi ayamba kubisa zotsala.

Nditafika kunyumba ndakoka katoni ya pansi pa bedi. Zingwe zopanda ntchito, mausi yakufa, makadi a ukwati wa anthu amene anasiyana kalekale. Pansi penipeni hadi disiki yakale. Yalira, yakhosomola, yatseguka. Khodi ya Chindevu ilimo, m'foda imene ndinaitcha ndekha zonyansa_za_Chindevu.

Ndaiwerenga pang'onopang'ono, mwina koyamba. Pakona iliyonse amaimitsa singano kamphindi. Ndinachotsa zimenezo, ndinkati n'kutaya nthawi. Lamulo lodula ulusi amalitumiza kawiri. Ndinachotsanso, ndinkati ndi chibwibwi. Pamzere wina pali ndemanga imodzi yokha m'khodi yonse: makinawa ndi ogontha. Basi. Iye ankalembera makina athu enieniwa, okalamba, otsimphina. Ine ndinkalembera makina a m'buku la malangizo, amene sanafikepo ku shopu kwathu.

Mayi a ana anandipeza ndikuseka, maso atanyowa. Anangotseka chitseko.

Lachitatu, 18 Juni

Ndasankha. Pulagini yanga ndaiika pambali. Ndikumanganso ya Chindevu kuti ilowe m'pulogalamu yatsopano. Ndikusintha pokhapo pamene imagogoda zitseko zimene zinasuntha. Zina zonse zikhale momwemo, kanthu ndi kanthu_kena yemwe.

Chiyeso chake n'chachikulu. Mzere uliwonse ukundipempha kuti ndiuwongole. Pena ndinapezeka ndasintha kale dzina la chinthu kuti limveke bwino. Ndabweza. Ndakhalira dzanja lamanzere.

Kabwana wabwera ndi tepi, akuti akuyeza khoma kuti apente. Wayambira pakona panga.

Lachinayi, 19 Juni

Yamangika masana. Ndaiika m'foda yoyenera, poyera, m'malo mwa yanga. Kudina. Windo lakhala. Makina apezeka.

Singano yayamba mwaulesi. Pakona yaima, yapuma ngati nkhalamba pamtunda, yapitirira. A Ulusi anatseka maso, akumvetsera. Sanayang'ane nsalu n'komwe. Akuti phokoso lake ndi lomwe lija.

Chiwombankhanga. Mapiko onse awiri, diso lili pamutu.

Ndinafuna kuuza munthu. Amene angamvetse ndi mmodzi, ndipo akanandiseka mpaka kutsamwa bisiketi.

Lachisanu, 20 Juni

Mkulu wa alonda wabwera, wakanda baji ndi chikhadabo, wavomera. Kabwana wamuonetsa kompyuta yatsopano, wafotokoza kuti masiku ano ntchito yabwino imafuna zipangizo zamakono. Mkulu uja wagwedeza mutu kwa kompyuta, mwaulemu.

Atapita, Kabwana wandiitana. Pulogalamu ikhala. Tebulo langa likhala, angolisunthako pang'ono chifukwa cha penti. Koma akufuna ndizichita zimene bambo ake ankandiyamikira nazo: kumawongola pulagini nthawi ndi nthawi. Tsopano mwezi uliwonse. Wawerenga penapake kuti pulogalamu yosasinthidwa imaola.

Ndati chabwino. Nanenso ndili ndi ulemu.

Poweruka, ndikumanga chikwama, a Ulusi abwera pafupi, atsitsa mawu.

"Achimwene, kamene mwakonzaka, mundiikireko kamodzi m'foda yobisika ija. Inu muziwongola zanuzo mwamtendere."

Ndawauza kuti ndine munthu wamkulu, wodziwa ntchito yanga, ndipo sindinamvepo chipongwe chotere. Ati pepani. Sanachoke pamene anaima.

Ndakwiya mpaka pa siteji. Basi yabwera, yadzaza, yapita. Ndabwerera ku shopu. A Ulusi kompyuta anali asanazimitse, ndipo mpando anali atandikokera kale.